“There is” kapena “there are”: mneni amatsatira dzina liti?

Funso: “Ndimagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ndipo malipoti ambiri amadutsa m'manja mwanga asanapite kwa akuluakulu. Masiku apitawa ndinalemba kuti ‘There is a printer, two laptops and a projector in the storeroom.’ Abwana anga anafufuta ‘is’ n'kulembapo ‘are’, ati popeza zinthuzo n'zambiri. Mnzanga wina wodziwa bwino Chingerezi ataona anati ine ndi amene ndinalondola. Chondisokoneza china n'chakuti pa wailesi ndi pa kanema ndimamva eni chiyankhulo akunena kuti ‘there's three reasons’. Kodi lamulo lenileni ndi liti? Ndikukonzekeranso mayeso oyesa luso la Chingerezi otchedwa IELTS ndipo sindikufuna kutaya malikisi pa kanthu kakang'ono ngati aka.”

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Choyamba mtima ukhale m'malo, pakuti chiganizo chimene munalemba si cholakwika, ndiponso abwana anu sanachite zachilendo pochisintha. Mwagwera pamalo pamene ngakhale alembi aluso a Chingerezi samvana chimodzi. Komabe malo okanganirana otere ndi ochepa kwambiri. M'ziganizo zambiri yankho lolondola limakhala limodzi lokha, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndi kukonza zolemba za anthu ndaona kuti malikisi satayika kwenikweni pa ziganizo zovuta ngati chanuchi, amatayika pa zooneka zosavuta zimene wolemba sanaziyang'anitsitse. Choncho mundilole ndiyambe ndi maziko, kenaka tifike pa chiganizo chimene chabweretsa mkanganowu.

Mawu akuti “there” ali ndi ntchito ziwiri m'Chingerezi. Pena amaloza malo, monga m'chiganizo chakuti “Put the box there,” ndipo pena saloza kanthu kalikonse, amangotsegula chiganizo chodziwitsa kuti chinthu chilipo. N'chifukwa chake munthu angathe kunena kuti “There is a box there” popanda kubwereza mawu pachabe, popeza “there” woyambayo ndi wina, womalizayo ndi winanso. Chingerezi sichilola kuti chiganizo chofotokoza chikhale chopanda mwininkhani, motero “there” woyambayo ali ngati munthu amene wakhala pampando kusungira mnzake malo: mpando wadzaza ndithu, koma mwini wake akubwera pambuyo. Dzina lobwera pambuyo pa mneni ndilo limalamula kuti mneniyo akhale “is” kapena “are”. Buku lalikulu la malamulo a Chingerezi limene Randolph Quirk analemba ndi anzake atatu, lotuluka mu 1985, limatcha dzina limeneli “notional subject”, ndiye kuti mwininkhani weniweni tikatsatira tanthauzo. Dzinalo likakhala la chinthu chimodzi timati “There is a letter on the desk,” likakhala la zinthu zambiri timati “There are letters on the desk.”

Ife olankhula Chichewa tili ndi chifukwa chathuchathu chophunthwira pano. Timati “pali munthu pakhomo” ndiponso “pali anthu pakhomo”, timati “muli buku m'chikwama” ndiponso “muli mabuku m'chikwama”. Mneni sasintha ngakhale pang'ono chifukwa amagwirizana ndi malo, kaya ndi pa-, ku- kapena mu-, osati ndi chinthu chimene chili pamalopo. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva anafotokoza mwatsatanetsatane mu 1989 kuti m'ziganizo za mtundu wa “kumudzi kunabwera alendo” malowo ndi amene ali mwininkhani. Ndiye munthu amene anakula akunena “pali” pa chimodzi ndi pa zambiri, khutu lake silimuchenjeza akalemba “there is many problems.” Sitili tokha pa vuto limeneli, chifukwa “il y a” wa Chifalansa, “hay” wa Chisipanishi ndi “es gibt” wa Chijeremani nawonso sasintha. Chimene ndimalangiza ophunzira anga n'chakuti asiye kuganiza za “pali”, m'malo mwake aganize za “lilipo” ndi “alipo”. Timati “buku lilipo” koma “mabuku alipo”, “chikwama chilipo” koma “zikwama zilipo”. Apa mneni akutsatira chinthucho, ndipo umu ndi mmene Chingerezi chimachitira.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene amadya malikisi ambiri. Si chilichonse chimene ife timachiona ngati zinthu zambiri chimene Chingerezi chimachiwerenga chimodzichimodzi. Ife timati “malangizo alipo”, “zipangizo zilipo”, “nkhani zilipo”, koma “advice”, “equipment” ndi “news” ndi mayina amene m'Chingerezi amatenga “is” nthawi zonse, ngakhale zinthuzo zitadzaza nyumba. N'chimodzimodzinso “information”, “furniture”, “luggage”, “evidence”, “homework” ndi “traffic”. Chiganizo chakuti “There are many informations missing” ndachifufuta m'malipoti kambirimbiri, ndipo cholondola chake n'chakuti “There is a lot of information missing.” Mukafuna kuwerenga zinthu zotere muyenera kubwereka dzina lina lowerengeka, monga “There are three pieces of equipment” kapena “There are two items of news,” ndipo pamenepo mneni akutsatira “pieces” ndi “items”. Dzina lakuti “news” limanyenga chifukwa cha “s” wakumapeto, pamene “people”, “police” ndi “cattle” amanyenga chifukwa alibe “s” koma ndi a zinthu zambiri: “There are police outside the building.” Mayina ena monga “sheep”, “series”, “species” ndi “means” sasintha maonekedwe, choncho mawu owatsogolera ndi amene amakuuzani zochita, “There is a species” koma “There are several species.”

Msampha wachiwiri ndi wa mayina awiri olumikizidwa ndi “of”. Ndikapatsa ophunzira chiganizo chakuti “There ___ a list of names on the desk,” ambiri maso awo amathamangira pa “names” n'kulemba “are”. Ndimawauza kuti aphimbe “of names” ndi chala, awerengenso. Chotsala ndi “a list”, ndipo mndandandawo ndi umodzi, motero mneni ndi “is”. Ndi mmenenso zilili ndi “There is a box of files” ndi “There is a pair of scissors,” ngakhale kuti “scissors” payokha imatenga “are”. Koma pali gulu lina la mawu ooneka ngati omwewa amene ntchito yawo n'kungosonyeza kuchuluka, ndipo amenewa salamula mneni. “A lot of”, “lots of” ndi “plenty of” amasiya ulamuliro kwa dzina lowatsatira, n'chifukwa chake timati “There is a lot of work” koma “There are a lot of workers,” ndiponso “There is lots of time” ngakhale “lots” ali ndi “s”. “A number of”, “a few” ndi “a couple of” amatenga “are” m'Chingerezi cholembedwa. Njira yosiyanitsira n'kudzifunsa ngati mawuwo mungawalowetse m'malo ndi “many”, “much” kapena “several” tanthauzo osasintha. “A number of complaints” ndi chimodzimodzi “several complaints”, koma “a box of files” si chimodzimodzi “several files”, pakuti bokosilo ndi chinthu chenicheni chimene mungachinyamule.

Pakati pa magulu awiriwa pali mawu monga “a variety of”, “a range of” ndi “a group of” amene mudzawaona ndi aneni onse awiri m'mabuku olembedwa bwino. Apa wolemba amasankha potengera chimene akufuna kuti owerenga aone. Ngati maganizo ali pa gululo monga chinthu chimodzi, “There is a group of visitors at reception” ndiye choyenera. Ngati ali pa kuchuluka kwa zinthuzo, “There are a variety of reasons” sichilakwika. Ine ndimakonda “is” pakakhala mfotokozi wofotokoza gululo, monga “There is a wide range of options,” chifukwa mawu akuti “wide” akusonyeza kuti wolemba akuyang'ana “range” yemweyo.

Tsopano tifike pa chiganizo chanu. Pamene mayina angapo andandalikidwa pambuyo pa mneni, pali mfundo ziwiri zimene zimakokana. Ina imati werengani zinthu zonse, ndipo popeza n'zambiri, lembani “are”. Iyi ndi imene abwana anu anatsatira, ndipo ndi mfundo yomweyo imene imagwira ntchito mayinawo akakhala kutsogolo, pakuti palibe amene angatsutse “A printer, two laptops and a projector are in the storeroom.” Ina imati mneni agwirizane ndi dzina loyandikana naye, ndipo popeza loyandikana nalo ndi “a printer”, lembani “is”. Iyi ndi imene munatsatira inu ndi mnzanu uja. Eni chiyankhulo ambiri, polankhula ngakhale polemba, amatsatira yachiwiriyi, ndipo chifukwa chake muchimva nokha mukatchula mokweza kuti “There are a printer.” Mawu akuti “are” akagundana ndi “a” khutu limakana, popeza womvera sanafike pa zinthu zinazo, wangomva mneni wa zambiri akutsatiridwa ndi chinthu chimodzi. Kuona kwanga n'kwakuti “is” wanu ndi amene akumveka mwachibadwa, ndipo woyesa mayeso wodziwa ntchito yake sangamuthethe. Koma “are” wa abwana anu nayenso amapezeka m'zolemba za anthu osamala, makamaka m'zikalata za malamulo ndi za maphunziro, ndiye si nkhani yoti mukanganirane mu ofesi.

Chimene ndimachita ndikakumana ndi chiganizo chotere m'lipoti lopita kwa anthu ambiri n'kuchimanganso kuti pasapezeke wodandaula. Mukatsogoza dzina la zinthu zambiri, mfundo ziwiri zija zimagwirizana: “There are two laptops, a printer and a projector in the storeroom.” Mungathenso kutchula chiwerengero poyamba, “There are four items in the storeroom,” kenaka n'kuzindandalika. Kapena chotsani “there” yense n'kulemba kuti “The storeroom contains a printer, two laptops and a projector,” chimene n'chachifupi ndiponso chomveka bwino m'lipoti. Dziwaninso kuti mayina awiri amene anthu amawaona ngati chinthu chimodzi amatenga “is” kapena “was” popanda mkangano, monga “There was thunder and lightning” kapena “There is wear and tear on the machine.” Mlumikizi akakhala “or”, mneni amatsatira dzina loyandikana naye basi: “There is a pen or two pencils in the drawer.”

Za “there's three reasons” zimene mumamva pa wailesi, makutu anu sakukunamizani. Eni chiyankhulo, ngakhale ophunzira kwambiri, amanenadi choncho pocheza. Buku la Douglas Biber ndi anzake la mu 1999, limene linachokera pa kusanthula mawu pafupifupi 40 miliyoni olankhulidwa ndi olembedwa, linasonyeza kuti “there's” wotsatiridwa ndi dzina la zinthu zambiri ndi wofala pa macheza wamba, pamene m'zolemba za maphunziro ndi wosowa. Sichinthu chatsopano ayi, chifukwa zaka zoposa 400 zapitazo Shakespeare analemba m'sewero la Macbeth kuti “There's daggers in men's smiles.” Zifukwa zake n'zomveka. Munthu akamalankhula amatsegula pakamwa asanatsimikize chimene anene, ndiye “there's” amatuluka kaye, dzina n'kubwera pambuyo. Kuwonjezera apo, chidule chakuti “there're” n'chovuta kutchula chifukwa cha “r” wobwerezabwereza, pamene “there's” amatsetsereka palilime. Zomwezi zimachitika ndi “Where's my keys?” ndi “Here's the documents.”

Koma taonani malire a ufulu umenewu, chifukwa ophunzira ambiri amautambasula mopitirira. Chololedwa pocheza ndi chidule chakuti “there's” chokhacho. Mukatchula mawu onse kuti “There is three reasons,” anthu omwe aja amene amanena “there's three reasons” amva kuti mwalakwitsa. “There was three people” nayenso amamveka m'kalankhulidwe ka madera ena a ku Britain ndi ku America, koma satengedwa ngati Chingerezi cha m'kalasi kapena cha mu ofesi. Choncho m'kalata, m'lipoti ndi pa mayeso lembani “There are three reasons” nthawi zonse. Pa IELTS kulondola kwa malamulo a chiyankhulo ndi imodzi mwa mfundo zimene amaperekera malikisi pa mayeso olemba ndi olankhula omwe, ndiye ngakhale polankhula ndi woyesa ndingakulangizeni kuti muzolowere “there are”. Mwini chiyankhulo akanena “there's many” anthu amati akucheza, koma wophunzira akanena zomwezo womvera sangadziwe ngati wasankha dala kapena sakudziwa lamulo.

Lamuloli silithera pa “is” ndi “are” pokha, ndipo apa ndi pamene ngakhale alembi odziwa amagona tulo. Pa nthawi yakale timati “There was a meeting” ndi “There were meetings.” Pa nthawi ya zochitika kale zimene zikukhudza lero timati “There has been a delay” koma “There have been delays.” Aneni monga “seem”, “appear”, “happen”, “remain” ndi “exist” nawonso amatsatira dzina lomwe lija ngakhale litakhala patali: “There seems to be a mistake” koma “There seem to be several mistakes,” “There remains one question” koma “There remain two questions.” Kutalikirana kwa mneni ndi dzina ndi kumene kumasokoneza, chifukwa pofika pa “mistakes” wolemba waiwala kale kuti anaika “seems”. Pofunsa mafunso dzina limatha kupita kutsogolo koma ulamuliro wake sutha, motero timati “How many copies are there?” ndi “How much paper is there?” Kafunso kakumapeto nako kamatsatira mneni woyamba: “There are enough chairs, aren't there?” Pamene mungapume ndi pa “will”, “must”, “may”, “can”, “should” ndi “used to”, popeza amenewa sasintha: “There will be a speech,” “There will be speeches.” Koma “going to” amasintha, “There is going to be a change” ndi “There are going to be changes.”

Pali ziganizo zingapo zimene zimaoneka ngati zikuphwanya lamulo pamene zili zolondola, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti musamazikonze polemba za ena. “If there were a better way, we would use it” ali ndi “were” pa chinthu chimodzi chifukwa akunena zongoyerekeza zimene kulibe, ndipo m'Chingerezi chosamala “were” ameneyu ndi woyenera, ngakhale “was” amamvekanso pocheza. “More than one” amatenga “is” ngakhale tanthauzo lake ndi zinthu zingapo: “There is more than one answer.” Mawu akuti “no” amalola zonse ziwiri malinga ndi chimene mumayembekezera kupeza, “There is no signature on the form” pamene pamafunika siginecha imodzi, “There are no pages missing” pamene masamba akanatha kusowa angapo. Nthawi, mtunda ndi ndalama zimatha kutengedwa ngati mulu umodzi, n'chifukwa chake mudzamva “There is only ten minutes left” pambali pa “There are only ten minutes left.” Polemba ine ndimasankha “are” chifukwa palibe amene angamutsutse.

Musadalire kwambiri pologalamu ya pakompyuta yokonza zolakwika pa nkhani imeneyi. Imagwira bwino zolakwika zoonekeratu monga “there is many”, koma pa ziganizo zondandalika zinthu ndi pa mawu ngati “a variety of” imatha kudula mzere pansi pa chiganizo chabwinobwino kapena kulekerera cholakwika. Chida chodalirika kuposa chimenecho ndi dikishonale ya ophunzira Chingerezi, monga ya Oxford, Cambridge kapena Longman, chifukwa pa mayina ambiri amalembapo ngati ndi owerengeka kapena ayi, kawirikawiri ndi chilembo C kapena U, ndipo amapereka ziganizo zachitsanzo. Mukakayikira ngati “feedback” kapena “research” amatenga “is” kapena “are”, yang'anani pamenepo musanalembe. Mayina ena monga “experience”, “paper” ndi “room” ali ndi matanthauzo awiri, lina lowerengeka lina losawerengeka, ndipo dikishonale imasonyeza kusiyana kwa “There is room for two desks” ndi “There are two rooms.”

Za ku ofesi kwanu, funsani ngati pali kabuku kotsogolera kalembedwe ka zikalata za pamalopo. Ngati kalipo, tsatirani kameneko ngakhale pamene inu mukanasankha zina, popeza malipoti a bungwe limodzi ayenera kufanana kalembedwe. Ngati kulibe, gwirizanani ndi abwana anu njira imodzi, ndipo kutsogoza dzina la zinthu zambiri kudzakupulumutsani pa mikangano yambiri. Pa zikalata za mgwirizano kapena za malamulo, pamene kusiyana kwa chimodzi ndi zambiri kungasinthe tanthauzo la zimene mbali ziwiri zagwirizana, musasinthe mneni panokha, bwezerani chikalatacho kwa amene anachilemba kapena kwa loya wa bungwelo. Za mayeso, tengani zimangirizo zanu zingapo, dulani mzere pansi pa “there” aliyense wotsegula chiganizo, kenaka zungulizani dzina limene akulisungira malo. Mukapeza kuti zolakwika zanu zambiri zili pa mayina osawerengeka, dikishonale ndi kuwerenga kwambiri zidzakukwanirani. Mukapeza kuti mukuphonyanso mgwirizano wa mneni ndi mwininkhani m'ziganizo zopanda “there”, monga kulemba “the results shows”, ndiye kuti vuto ndi lokulirapo, ndipo ndi bwino kupeza mphunzitsi wodziwa mayeso a IELTS kuti akuchongereni zimangirizo zingapo tsiku la mayeso lisanayandikire.